Amalume, Musaigwire!

Edna ankakhala ku Katlehong, ku Joni, ndi amayi ake. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amalume ake, a Justin, azimumvera akamalankhula.

Amalumewo anali atangofika kumene ku Joni kuchokera ku Dedza. Iwo ankati amadziwa zonse. Za mvula ankadziwa. Za mpira ankadziwa. Ngakhale misewu ya ku Katlehong ankati akuidziwa, chonsecho ankasochera tsiku ndi tsiku.

Edna akati alankhule, amalume ankangoseka.

"Khala chete, iwe mwana wadzulodzuloli," ankatero.

Zimenezi zinkamuwawa Edna.

Kuseri kwa nyumba zomalizira kunali dambo. Amayi anali ndi kadimba kumeneko. Ankalimamo mpiru ndi nkhwani. Njira yake inkadutsa pamchenga ndi m'zitsamba. Edna ankaidziwa bwino njirayo. Ankadziwa pokhala achule. Ankadziwanso njoka zimene zinkabwera kudzadya achulewo.

Loweruka lina amayi ankapita kuntchito ku Alberton.

"Edna, upite ndi amalume ako kudimba," anatero amayi. "Mukathyole mpiru. Ukayende ndi maso."

Edna anatenga dengu, ndipo iye ndi amalume ananyamuka. Dzuwa linkawotcha. Mchenga unali wotentha. Pamchengapo Edna anaona mzere wokhotakhota.

"Amalume, apa padutsa njoka," anatero.

"Njoka? Ine njoka ndimazidziwa," anayankha amalume. "Kwathu ndapha zambirimbiri."

Amalume anapitiriza kuyenda. Ankaponda mwamphamvu, di! di! di! Kenako anaima.

Patsogolo pawo, pafupi ndi bango, panali njoka yakuda. Inali ndi mizere yoyera pakhosi. Inagona chagada. Kukamwa kunali yasa! Lilime linali panja. Sinkagwedezeka ngakhale pang'ono.

"Yafa iyi!" anatero amalume mokondwa. Anatulutsa foni m'thumba. "Tenga, Edna. Ine ndiinyamula. Iwe undijambule. Anzanga ku Dedza aone kuti ku Joni kuno kwabwera mwamuna."

Edna sanailandire foniyo. Njoka yotereyi anaionapo kale ali ndi amayi. Tsiku limenelo galu ankaiuwa. Njokayo inagona chagada ngati yafa. Galu atachoka, inadzuka nkumapita. Amayi anamuuza kuti imaluma. Anamuuzanso kuti imalavulira ululu m'maso.

"Amalume, musaigwire," anatero Edna. "Sinafe. Ikunamizira."

"Njoka nkunamizira?" Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Jambula, iwe!"

Edna anabisa manja kumbuyo.

"Sindijambula."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindijambula, amalume."

Nkhope ya amalume inasintha. "Ana a ku Joni mulibe ulemu eti? Ndikakunenera kwa amayi ako."

Edna anachita mantha. Sanafune kutchedwa wamwano. Koma sanafunenso kuti amalume ake alumidwe.

"Kandinenereni," anatero. "Koma musaigwire."

Amalume anapinda manja a malaya. Anayamba kuyandikira njoka ija. Edna anataya dengu. Anawagwira mwendo ndi manja onse awiri. Anakhala pansi pamchenga, osausiya.

"Ndisiye!" anakuwa amalume.

"Hayi! Sindikusiyani!"

Amalume anakoka mwendo. Edna anagwiritsa. Amalume anakokanso. Edna anagwiritsabe. Mchenga unamulowa m'nsapato. Misozi inalengeza m'maso mwake. Koma mwendo sanausiye.

Amalume anatopa. "Ukufuna chiyani tsono, mwana iwe?"

"Tibwerere m'mbuyo," anatero Edna. "Tikaime kutali, paja pali chulu. Tikhale chete. Ikapanda kudzuka, mukandinenere."

"Chabwino. Koma lero uona."

Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Anabisala kuseri kwa chulu. Anadikira.

Njoka inali phee. Chule analira m'bango. Njoka inali phee. Minibasi inaliza hutala kumsewu. Njoka inali pheebe.

Edna anayamba kukayika. Bwanji ngati iyi yafadi? Koma sanasunthe.

"Waona?" ananong'ona amalume. "Yafa. Ndikupita."

"Dikirani pang'ono, amalume. Chonde."

Pomwepo lilime lija linabwerera m'kamwa. Mchira unagwedezeka. Njoka inatembenuka, gubudu! Inadzutsa mutu. Inayang'ana uku. Inayang'ana uko. Inaonetsa mizere yake yoyera. Kenako inakwawa nkulowa m'bango, ili ndi moyo wake wonse.

Tsopano kukamwa kwa amalume ndi kumene kunali yasa. Anayang'ana dzanja lawo. Anayang'ana Edna.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndikanainyamula ndi dzanja ili."

Anagwada pamchenga. Anamupukuta Edna misozi ndi chala.

"Wandipulumutsa, mwana wanga. Pepa. Njoka za kuno sindizidziwa."

Anatola dengu lija okha. Kenako anafunsa, "Tsono kudimba tidzera kuti?"

"Tizungulire uku," anatero Edna. "Muziponda pamene ine ndaponda."

Edna anatsogola. Amalume anatsatira. Anaponda pamene Edna waponda, mpaka kudimba.

Madzulo amayi anabwera kuchokera ku Alberton. Amalume anawafotokozera zonse. Sanabise chilichonse, ngakhale za mwendo zija. Amayi anamukumbatira Edna mwamphamvu.

Atatha kudya, amayi anati, "Achimwene, lero mbale mutsuka ndinu."

Amalume anagwa pamphasa. Anagona chagada. Anatsegula kukamwa. Anatulutsa lilime. Anangoti phee.

"Kalanga ine, achimwene afa!" anatero amayi, akudziletsa kuseka.

Edna anawazungulira. Anawayang'anitsitsa.

"Sanafe, amayi," anatero. "Akunamizira. Tingokhala chete, adzuka okha."

Amalume anatsegula diso limodzi.

"Mwana uyu sanama," anatero. "Akalankhula, tizimumvera."

Anadzuka nkupita kukatsuka mbale. Ndipo chithunzi chimene chinapita ku Dedza chinali cha amalume ali ndi thovu m'manja. Amene anawajambula anali Edna.