Tsitsi Losametedwa la Kathir

Pa siteji ya basi mumzinda wa Dindigul, Thenmozhi anaima ndi sizasi ndi chipeso m'chikwama, misozi ili lengelenge. Mayeso omaliza kusukulu yokonza tsitsi anali masana omwewo, ndipo mlongo wake, amene analonjeza kuti adzapereka mutu wake kuti aumete pamaso pa aphunzitsi, anali atathawa. Mayeso ometa popanda mutu, munawaonapo kuti?

"Chemwali, basi ikupita iyi! Mukwera, kapena mukudikira ndege?" anafuula kondakitala wina wamtali, dzina lake Kathir.

"Ndikudikira mutu."

"Mutu? Wanuwo watani?"

Atamufotokozera, Kathir anaseka mpaka anagwira chitseko cha basi. Koma masana anafikadi kusukuluko kudzapereka mutu wake, nakhala pampando phee. Manja a Thenmozhi ankanjenjemera, moti anamusiyira kadazi pamwamba pa khutu. Mayeso anakhoza, koma mokwawa.

Kathir anadziyang'ana pagalasi n'kupukusa mutu. "Wawononga wekha, uzikonza wekha. Kuyambira lero mutu uwu sudzagwidwa ndi sizasi ya munthu wina."

Chikondi chinayambira pamenepo, ndipo chinakula ngati udzu wa m'dzinja. M'mawa uliwonse foni inkalira.

"Golide wanga, wadzuka? Ndakusungira mpando wa pawindo."

"Bambo Matikiti, gwirani ntchito, mungaphonye chenje."

"Ndaphonya kale mtima, chenje n'chiyani?"

Koma chikondi sichilipira ngongole. Kusukulu kuja ankawauza kuti satifiketi ikangofika m'manja, ndalama zidzayamba kuwathamangira. Bodza lenileni! Pa saluni imene Thenmozhi anapeza ntchito ankalandira marupi 7,000 pamwezi, ndipo oposa theka ankapita kungongole imene anatenga kuti aphunzire. Ankaima tsiku lonse, zala zitasuka ndi mankhwala odayira tsitsi, n'kubwerera kunyumba ndi ndalama ya mpunga ndi ya basi basi.

"Usalire, golide wanga," ankatero Kathir. "Ngongole yako ndi yanga. Mvula kaya dzuwa, ndili pambali pako."

Mawu okoma bwanji! Ndani sakanawakhulupirira?

Tsiku limene amayi a Kathir, mayi Valarmathi, anabwera ndi mwana wawoyo kudzaona mtsikanayo, Thenmozhi anavala nsalu ya sari yobiriwira, maluwa oyera kutsitsi lake lofika m'chiuno. Anawapatsa khofi. Mayiwo anamwa, namuyang'ana zala.

"Ndamva kuti uli ndi ngongole, mwanawe."

"Eya, mayi. Ya sukulu."

"Atsikana a anzanga amalowa m'nyumba ndi golide. Iwe ulowa ndi ngongole? Mwana wanga azigulitsa matikiti padzuwa kuti azilipirira sizasi zako?"

Thenmozhi anatembenukira kwa Kathir. Apa ndi pomwe munthu amayankhula! Koma Kathir ankangoyang'ana m'kapu, pakamwa patatsekeka ngati wameza tikiti.

Alendo atapita, mtsikanayo analembera Kathir uthenga: "Mvula yagwa, ndipo sindinakuone. Usandiimbirenso. Ngongole ndi yanga, ndidzaimaliza ndekha, ndipo udzamva."

Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Ndachita mantha, ndikhululukire. Mutu wanga ukadali wako."

Anaufufuta. Anasintha basi, n'kumakwera ina yozungulira kutali. Analira mpaka maso kutupa, kenako anakagwada pamaso pa Murugan, mulungu wa paphiri la Palani, n'kulonjeza: "Tsiku lomwe ngongole iyi idzathe, tsitsi langa lonse ndidzakupatsani."

Chaka choyamba chinali chowawa. Koma chachiwiri chitayamba, zinthu zinasintha modabwitsa. Azimayi achikulire anayamba kudzaza saluni, onse akufuna "mtsikana wa tsitsi lalitali uja". Wina kudaya imvi, wina kukonza nsidze, wina kumuitana kunyumba kuti akakongoletse mkwatibwi. Ndipo ankamupatsa ndalama yapamwamba m'manja, akumufunsa monong'ona, "Yatsala zingati, mwanawe?"

Thenmozhi ankangoti ndi Murugan wamva.

Tsiku lomwe anapereka ndalama yomaliza, anatuluka mu ofesi ya ngongole n'kukhala pansi pa mtengo. Anapuma mpweya umene sanaupume chiyambire sukulu. Thupi linapepuka, abale! Kenako anatenga foni, osati chifukwa cha chikondi ayi, koma kuti munthu wamanthayo adziwe.

"Ndamaliza. Mawa ndikupita ku Palani kukapereka tsitsi."

Sipanabwere yankho. Mtima unamupweteka, ngakhale anadziuza kuti alibe nazo ntchito.

M'mawa mwake, m'nyumba yometera m'munsi mwa phiri munali anthu piringupiringu, ana akulira, malezala akuyenda. Thenmozhi anamasula tsitsi lake, nalisisita komaliza. Wokonza tsitsi wopanda tsitsi, makasitomala adzati chiyani? Koma lonjezo ndi lonjezo. Anakhala pansi, natseka maso, ndipo posakhalitsa anamva kamphepo kozizira pamutu.

"Golide wanga, mpala yakukhala bwanji!"

Anatsegula maso. Kutsogolo kwake kunaima chimunthu cha tsitsi lofika m'mapewa, lopiringizana, ndevu mpaka pachifuwa. Akanathawa, pakanapanda maso aja.

"Kathir? Chakuchitikira n'chiyani? Ukuoneka ngati wogona kuphanga!"

"Wondimeta anandithawa."

"Usandiseketse, ndinakukwiyira."

"Ukuyenera kutero. Tsiku lija ndinakhala chete ngati chitsiru. Utangonditaya ndinabwera kuno, ndinalonjeza kuti sindimeta, ndiponso sindikwatira, mpaka ngongole yako itatha. Ndalama ukanazikana, ndimakudziwa. Ndiye ndikanatani?"

"Ukanatani! Wandichititsa manyazi mwana ameneyu!" Mawuwo anachokera kumbuyo. Anali mayi Valarmathi, atanyamula nthochi ndi kokonati. "Ndinamupezera atsikana abwinobwino. Makolo awo akangomuona chonchi, ankabisa ana awo kukhitchini! Ndinamuchonderera, ndinalira, ndinamubisira mpunga. Iye yankho limodzimodzi: 'Mayi, mukufuna ndinamize Murugan?' Ine ndilimbane ndi Murugan?"

Thenmozhi anawayang'anitsitsa. Azimayi aja, imvi zija, kunong'ona kuja!

"Mayi, makasitomala aja... munkawatumiza ndinu?"

"Nanga ndani? Anzanga onse, achibale, mpaka adani anga! Mng'ono wanga anadaya tsitsi mpaka linayamba kuthothoka." Anaika nthochi pansi, namugwira zala zosukazo. "Poyamba ndinkangofuna kuti chilombo changachi chimete. Koma onse ankabwerako akunena chimodzi, kuti mwana uja ali ndi dzanja, ndipo sadandaula. Ndinayankhula molakwa tsiku lija, mwanawe. Wamaliza ndi thukuta lako. Ukalola, nyumba ndi yako."

Thenmozhi anaseka, analira, anasekanso. Akanakanadi? Anatembenukira kwa Kathir.

"Tsiku lina mvula ikadzagwa, udzayang'ananso m'kapu?"

"Kapuyo ndidzaiswa. Ukwatiwe ndi ine, Thenmozhi."

"Ndi ndevu zimenezi? Ayi ndithu. Meta kaye."

Wometa wa pakachisi anali atatopa kudikira. "Achimwene, khalani pansi, mzere ndi wautali!"

Kathir anakhala, koma lezala litayandikira anatchinga mutu ndi manja awiri. "Pepani, bambo. Mutu uwu uli ndi mwini wake. Ayambe ndi iye, inu mumalize."

Thenmozhi anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa sizasi ija. Anagwira tsitsi la pamwamba pa khutu, pomwe panali kadazi paja, n'kudula. Ulendo uno dzanja silinanjenjemere.