Tsitsi la Lusubilo Lipita ku Mauritius

Lusubilo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Morley, mumzinda wa Perth. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna bambo ake abwere kunyumba.

Bambo ake anali a Patson. Ankagwira ntchito ku Kwinana. Ankakonza mathanki akuluakulu osungira mafuta. Mwezi wa Marichi, a kuntchito anawatuma ku Mauritius. Anati akakhalako masabata awiri basi.

Kenako kunagwa mliri wa korona. Mayiko anatseka malire. Ndege zinasiya kuuluka. A Patson anatsekeredwa komweko.

Masabata awiri anatha. Mwezi unatha. Miyezi itatu inatha. Bambo sanabwere.

Lusubilo sankakhazikika. Akakhala pampando, ankadzuka. Akadzuka, ankapita pawindo. Akachoka pawindo, ankapita pageti. Pageti panalibe munthu. Kumwamba kunalibe ndege.

Mayi ake anali a Annette. Anali namwino kuchipatala cha ku Murdoch. Ankabwera atatopa, m'masaya muli mizere ya masiki.

"Takhala pansi, mwanawe," anatero mayi ake.

"Miyendo ikukana, amami," anayankha Lusubilo.

Tsiku lina anatenga buku la mapu. Anafuna kuona kumene kunali bambo ake. Anapeza Malawi. Anapeza Mozambique. Anawoloka nyanja ndi chala, napeza Madagascar. Koma Mauritius sanamupeze.

Anafufuza kumwamba. Anafufuza kumunsi. Mayi ake anamugwira chala. Anachikankhira pang'ono kum'mawa. Pamenepo panali kadontho. Kanali kakang'ono kuposa kambewu ka mpunga. Mbali zonse kunali madzi okhaokha.

Lusubilo anachita mantha. Kodi bambo ake akukwanapo bwanji pa kadonthoko? Kodi mafunde sadzakamiza?

Tsiku lililonse bambo ankaimba foni ya vidiyo. Ankaimba Lusubilo ataweruka kusukulu. Ku Perth inkakhala 4 koloko madzulo. Ku Mauritius dzuwa linkakhala lili pamutu. Bambo ankalankhula Chichewa. Lusubilo ankakonda kuyankha m'Chingerezi. Koma akawasowa kwambiri, Chichewa chinkatuluka chokha.

"Adadi, simugwera m'madzi?" anafunsa tsikulo.

Bambo anaseka mpaka foni inagwedezeka. Anamuuza kuti chilumbacho ndi chaching'ono ndithu. Pa galimoto munthu amachidutsa kadzutsa asanagayike m'mimba. Koma ndi dziko lathunthu. Lili ndi mizinda, misika ndi masukulu. Anthu ake ndi oposa miliyoni imodzi.

Kenako anatembenuza foni. Lusubilo anaona minda ya nzimbe. Nzimbe kumanja, nzimbe kumanzere. Kuseri kwa nzimbe kunali mapiri osongoka ngati mano a galu.

Bambo ankakhala m'tauni ya Mahébourg, m'mphepete mwa nyanja. Ankagona kwa a Désiré. A Désiré anali ndi boti lokhala ndi galasi pansi. Kale ankanyamula alendo ochokera kumayiko akutali. Alendowo ankabwera kudzaona nsomba ndi mchenga woyera. Tsopano alendo kunalibe. Mahotela anali otseka. Boti linkangokhala pamchenga.

Boma litalola anthu kuyendanso, a Désiré anati sangakhale opanda mlendo. Mlendo wawo akhala a Patson. Ndipo a Patson anati atenga Lusubilo pa foni.

Loweruka lina anapita ku Chamarel. Kumeneko dothi lili ndi mitundu isanu ndi iwiri. Lusubilo anayandikitsa maso pa foni. Anaona dothi lofiira. Anaona lachikasu. Anaona lakhofi. Anaona lapepo. Anaona labuluu. Anawerenga katatu, koma ankangopeza mitundu isanu. Bambo anati iwiri inayo adzaipeza akadzafika yekha.

Pafupi panali mathithi aatali. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba pa thanthwe. Panalinso kamba wamkulu ngati tebulo la pabalaza. Kambayo ankadya masamba pang'onopang'ono. Sankathamangira kulikonse.

Loweruka lina anakwera boti. A Désiré analoza kutali, kumene mafunde ankachita thovu. Anati pamenepo pali matanthwe a m'nyanja. Matanthwewo azungulira chilumba ngati mpanda. Mafunde aakulu amathera pamenepo. Mkati mwa mpandawo madzi ndi odekha.

Bambo anaika foni pa galasi. Lusubilo anaona pansi pa nyanja. Kunali nsomba zachikasu. Kunali nsomba zamizeremizere. Ina inayang'ana Lusubilo, kenako inathawa.

Akamalankhula ndi bambo pa foni, Lusubilo ankakhazikika. Foni ikaduka, miyendo inkayambanso. Pampando, pawindo, pageti.

Mwezi wa Ogasiti, tsiku lina foni sinalire. Lusubilo anadikira. Anaitenga, anaiika pansi. Anaitenganso. Mawa lake sinalirenso. Bambo anangotumiza uthenga kwa mayi woti ali bwino, koma atanganidwa.

Tsiku lachitatu foni inalira. Bambo anali atavala masiki. M'manja anali ndi magolovesi akuda bii. Kumbuyo kwawo kunali anthu ambiri.

Bambo anafotokoza pang'onopang'ono. Sitima yaikulu inagunda matanthwe aja. Inasweka m'mbali. Mafuta akuda anali kutayikira m'nyanja. Anali kulowa mkati mwa mpanda, kumene kuli nsomba.

Anatembenuza foni. Madzi aja sanalinso oyera. Anali akuda ngati phula. A Désiré anali ataima pafupi ndi boti lawo. Sanabayibitse ngati masiku onse. Ankangoyang'ana madzi.

"Nanga nsomba zija, adadi?"

"Zina zafa, mwanangu. Zina tikuyesetsa kuzipulumutsa."

Bambo anamuonetsa zimene anthu ankachita. Amayi, abambo ndi ana anali atakhala pansi. Ankasoka matumba aataliatali ngati njoka. Mkati ankaikamo masamba ouma a nzimbe. Ankaikamo mabotolo opanda kanthu kuti matumba ayandame. Ankaikamonso tsitsi la anthu. Bambo anati tsitsi limamwa mafuta. Ambiri pachilumbapo anali atameta kale. Koma tsitsi linali losakwanira.

A Patson ankadziwa za mafuta. Ndiye ankathandiza kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ankaphunzitsa anthu kudziteteza pogwira ntchitoyo.

Foni itaduka, Lusubilo anazungulira pabalaza. Anazungulira kukhitchini. Anafuna kukwera ndege. Ndege kunalibe. Anafuna kusambira mpaka ku Mauritius. Mayi ake anati nyanja ndi yomweyi ndithu, koma ndi kutali kwambiri.

Lusubilo analowa kubafa. Anadziyang'ana pagalasi. Anatsegula dirowa. Anatenga sizasi.

Mayi ake anamupeza sizasi ili m'manja. Sanamukalipire. Anangoilandira bwinobwino. Anamufunsa chimene ankafuna kuchita. Lusubilo anawauza. Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati Loweruka apita kwa anti Chileshe.

Anti Chileshe anali a ku Zambia. Anali ndi saluni pafupi ndi siteji ya mabasi ku Morley. Ndi amene ankaluka Lusubilo. Nkhani ya mafutayo anali ataimva kale. Anati masaluni ena mumzindamo akusonkhanitsa tsitsi. Pali gulu limene lidzalitumize ku Mauritius.

Lusubilo anakwera pampando. Anti anayamba kumasula malukidwe ake. Anachotsa meshi yonse. Anati meshi ndi pulasitiki, siingathandize. Pakufunika tsitsi lenileni.

Tsitsi la Lusubilo linali lambiri. Linatenga zaka zitatu kuti likule chonchi. Anti analipesa mpaka linaima ngati mtambo wakuda.

"Iwe mwana, uli shuwa?" anafunsa anti Chileshe. "Nikadula manje, sinizabwezapo."

Lusubilo anaganiza za anzake akusukulu. Kodi sakamuseka? Anaganizanso za a Désiré ataima pafupi ndi boti.

"Dulani, anti," anatero.

Sizasi inalira. Tsitsi linagwa paphewa. Linagwa pamiyendo. Linagwa pansi. Lusubilo anatsinzina. Atatsegula maso, makutu ake anali pamtunda. Khosi linkamva kamphepo.

Anti anatola tsitsilo. Analiika m'kajumbo. Linangodzaza kajumbo kamodzi kakang'ono.

Lusubilo anakayang'ana. Anakumbukira madzi akuda aja. Anali ambiri. Tsitsi lake linali lochepa. Misozi inalengeza m'maso.

Anatsika pampando. Pabenchi panali amayi atatu akudikira. Lusubilo anaima patsogolo pawo. Anapereka moni mwaulemu. Anawauza za chilumba chaching'ono. Anawauza za dothi la mitundumitundu. Anawauza za kamba wamkulu ndi nsomba zamizeremizere. Anawauza za mafuta. Mawu ankapunthwa, koma sanasiye.

Mayi woyamba anagwira tsitsi lake. Anati iye sangamete lonse, koma adule nsonga. Wachiwiri anati adule theka. Wachitatu anaseka, navula wigi. Anati m'katimu muli lochepa, koma atenge lomwelo.

Lolemba Lusubilo anapita kusukulu atavala chipewa. Anaima pakhomo la kalasi. Analowa, anatulukanso. Aphunzitsi ake, a Debbie, anamufunsa chavuta n'chiyani. Lusubilo anavula chipewa. Ana ena anaseka.

A Debbie anamupempha kuti auze kalasi chifukwa chake. Anatsitsa mapu aakulu pakhoma. Lusubilo anakwera pampando. Analoza kadontho kaja. Ana onse anayandikira kuti akaone. Panalibenso woseka.

Lachitatu a Debbie anabwera atameta. Tsitsi lawo lalitali linali m'thumba la pepala. Lachisanu ana asanu ndi mmodzi anabweretsa matumba awo. Makolo enanso anapita kwa anti Chileshe.

Sabata yonseyo Lusubilo sanapite pageti. Akaweruka, ankathamangira kusaluni. Ankasesa tsitsi. Ankaliika m'matumba. Ankalikanikiza ndi manja. Makatoni atatu anadzaza. Galimoto inabwera kudzawatenga.

Bambo anaona mutu wa Lusubilo pa foni. Kenako anaitana a Désiré kuti adzaone. A Désiré anavula chipewa chawo. Nawonso mutu unali mpala. Anaika dzanja pamtima, nawerama pang'ono.

Bambo anamuuza zoona. Anati makatoni atenga nthawi panjira. Koma ntchito yoyeretsa nyanja ndi yaitali. Tsitsi lidzapeza ntchito.

Mwezi wa Seputembala, bambo anapeza malo mu ndege. Lusubilo anadumphadumpha. Koma ulendowo unalephereka. Anapezanso malo ena. Ulendo umenewo nawonso unalephereka. Lusubilo sanadye bwino tsiku limenelo.

Kachitatu zinatheka. Ndege inazungulira kutali, kudzera mayiko ena. Bambo anafika ku Perth mu Okutobala. Koma sanapite kunyumba. Aliyense wochokera kunja ankayamba wakhala m'hotela masiku khumi ndi anayi. Sankaloledwa kutuluka m'chipinda.

Lusubilo ndi mayi ake ankapita kukaima kutsidya kwa msewu. Hotelayo inali yaitali. Mawindo anali ambirimbiri. Bambo anamata pepala lofiira pawindo lawo. Lusubilo ankalipeza, n'kukweza manja onse awiri. Kumwambako kamunthu kakang'ono kankakwezanso manja.

Tsiku lakhumi, a Désiré anatumiza vidiyo. Anali m'boti lawo. Madzi sanayere onse. M'mphepete mwina munali mukadali mwakuda. Koma pansi pa galasi panadutsa tinsomba titatu. A Désiré anati alendo akadzayamba kubwera, mpando wakutsogolo ndi wa Lusubilo.

Tsiku lomaliza linakwana. Lusubilo anadzuka m'mamawa. Anavala nsapato asanavale diresi. Pakhomo la hotela anayenda uku ndi uku. Chitseko chinatseguka. Anatuluka mayi wina. Chinatsegukanso. Anatuluka anyamata awiri.

Kenako anatuluka bambo wamtali, akukoka sutikesi. Anali ataonda. Ndevu zinali zambiri kuposa mmene zinkaonekera pa foni.

Lusubilo anaima. Anachita manyazi. Anabisala kumbuyo kwa mayi ake.

Bambo anasiya sutikesi. Anagwada pansi. Anangotambasula manja, nadikira.

Lusubilo anasuzumira. Anayenda pang'ono. Anayendanso pang'ono. Anagwira ndevu zija ndi chala.

"Adadi," anatero, "izinso tikanatumiza."

Bambo anaseka. Kunali kuseka kwawo komwe kuja. Lusubilo anawalumphira m'khosi. Mayi anawakumbatira onse awiri, misozi ikutsika.

Pagalimoto, mayi anapereka makiyi kwa bambo. Koma Lusubilo anakana kusiya dzanja lawo. Ndiye mayi ndi amene anayendetsa. Bambo ndi Lusubilo anakhala kumbuyo. Anagwirana manja njira yonse, mpaka kukafika ku Morley.