Mlonda wa mu Kompyuta Nambala Seveni

Mafunso anayang'ana kompyuta nambala seveni, anatikita m'maso, n'kuyang'ananso. Pakona pamene masiku onse pamalembedwa kuti "Wophunzira" panali patalembedwa kuti "Woyang'anira". Mafoda a aphunzitsi, amene chilowereni pasukulupo ankakana kutseguka, anali atandandalika pamaso pake, onse osakhoma.

Dzina loti Mafunso mtsikanayu anapatsidwa ndi anzake chifukwa sankalola phunziro kutha asanakweze dzanja. Koma masana amenewo sanadziwe n'komwe poyambira kufunsa.

Zonse zinayamba ndi homuweki. Madamu a kompyuta anauza kalasi kuti aliyense alembe kapulogalamu kongoonetsa mafoda. Pulogalamu yoteteza ku mavairasi, imene ana onse ankaitcha Mlonda, inakagwira ka Mafunso n'kukatsekera, poganiza kuti n'kachirombo. Iye anadina poti akabweze, ndipo Mlonda anafunsa koti akaike. Mawusi yokalambayo inaterereka, n'kusankha foda ina yachilendo. Kenako magetsi anaphethira, kompyuta inazima n'kuyakanso. Basi, nkhani yonse inali yomweyo.

"Iwe, wapanga bwanji zimenezi?" ananong'ona Phuma, mnzake wa pambali, khosi litatalika ngati la nthiwatiwa.

"Sindikudziwa."

"Usandinamize. Taona apo, mayeso a masamu a Lolemba!"

Mafunso asanayankhe, Phuma anali atalanda kale mawusi. Pepala linatseguka. Funso loyamba linali la makona atatu, lachiwiri la liwiro la basi. Mafunso anakankha dzanja la mnzakeyo n'kutseka, koma maso anali atawerenga kale, ndipo maso alibe chofufutira.

"Mwayi sudziwika, amwali," anatero Phuma, akulemba m'chikhatho ndi bolopeni. "Ukaulula, ine ndi iwe chinzake chathera pompano."

Belu litalira, ana anathamangira panja, koma Mafunso anatsala pampando. Akangozimitsa n'kuchoka, ndani akanadziwa? Nanga mawa akakhalapo wina n'kufufuta malikisi a sukulu yonse? Nanga iye walakwa kapena sanalakwe? Mutu unangoti balala.

"Madamu," anaitana, "tabwerani mudzaone."

Madamu anaona, n'kugwira pakamwa. Pasanathe mphindi khumi, Mafunso anali ataima mu ofesi ya ahedi, manja kumbuyo.

"Pasiwedi anakupatsa ndani?" anafunsa ahedi, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Palibe, Sala. Anatsegula ndi Mlonda."

"Mlonda? Wa pageti uja? Amadziwa chiyani za makompyuta mkulu ameneyu?"

"Ayi Sala, wa mu kompyuta," Madamu analowererapo. "Pulogalamu yoteteza ija."

Ahedi anavula magalasi n'kuwavalanso. "Madamu, musandizunguze mutu. Chinthu tinachiika kuti chizitseka, ndiye chatsegula bwanji? Mwana uyu waba pasiwedi, ndipo mawa abwere ndi kholo."

Mafunso anamva misozi ikutentha m'maso. Anaganiza za mayi ake, amene akanasiya makina osokera n'kubwera kudzamva kuti mwana wawo ndi wakuba. Komabe panali china chimene sakanatha kubisa.

"Sala, palinso kanthu kena. Pepala la masamu linatseguka. Ndaona mafunso awiri."

"Mukuona, Madamu? Wadziulula yekha!"

"Wakuba sadziitanira mboni, Sala," anatero Madamu mofatsa. "Tiyeni tiyambe taitana amisiri."

M'mawa mwake kunabwera mayi wina wokonza makompyuta, chikwama chili kumsana. Mayi a Mafunso anali atakhala kale pabenchi, ulusi woyera utakanirira pa siketi. Amisiri anamvetsera nkhani yonse, kenako anapempha ahedi kuti akhale okha pa kompyuta nambala thuu, alowe ngati wophunzira, achite zimene mtsikanayo awauze.

"Dinani apo, Sala. Ayi, pansi pakepo. Eya."

Kompyuta itayakanso, pakona panalembedwa kuti "Woyang'anira". Ahedi anachotsa manja msangamsanga ngati agwira mbaula.

"Ine sindinalembe pasiwedi iliyonse!"

"Ngakhale mwanayu sanalembe," anatero amisiri. "Pulogalamu yotetezayi ili ndi mphamvu zolowa paliponse, chifukwa ntchito yake ndi kufufuza paliponse. Vuto lake, ukaituma kuti ikaike katundu wako m'chipinda cha abwana, imangonyamula, osafunsa ngati iwe umaloledwa kumeneko. Kompyuta poyaka imayesa kuti katunduyo ndi wa abwana, n'kumupatsa ulemu wonse."

"Ndiye tiichotse?"

"Ayi, mukaichotsa ndiye mwatsegula mawindo onse. Ndiwalembera amene anaipanga kuti atseke mpatawu. Padakali pano ndiletsa ana kubweza okha zimene yatsekera."

Ahedi anakanda pa dazi nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kubenchi. "Mayi, pepani, takuchotsani pa ntchito pachabe. Ine zinthu izi zandipitirira. Mwana wanuyu ndinamuweruza ndisanamve."

Mayiwo anaimirira n'kukonza kolala ya mwana wawo, ngakhale inali yowongoka kale. "Ndimadziwa ine," anatero chapansipansi.

Phuma sanamve zonsezi, chifukwa anali atasamukira kumbuyo kwa kalasi ndipo sankamulankhula. Mafunso anamutsatira kawiri kuti amuuze kuti mayeso asinthidwa, koma mnzakeyo ankangotseka makutu n'kuthawa. Loweruka ndi Lamlungu lonse Phuma analoweza makona atatu ndi liwiro la basi.

Lolemba mapepala atagawidwa, funso loyamba linali la magawo, lachiwiri la kukula kwa thanki ya madzi. Mafunso anamva mpando wa Phuma kumbuyo ukulira, koma sanacheuke.

Atatuluka, anapeza Phuma atatsamira khoma la labu ya makompyuta, maso ali psu.

"Unanditchula kwa ahedi?"

"Ayi. Ndinanena za maso anga okha."

Phuma anakumba dothi ndi nsonga ya nsapato. Kenako anatulutsa pepala la mafunso, lopindikapindika, n'kulitambasula pakhoma.

"Nambala wani iyi," anatero osamuyang'ana. "Umayamba ndi pamwamba kapena pansi?"

Mafunso anaika chikwama pansi n'kutulutsa pensulo.