Manda Amene Anakana Kufufutidwa

Mayi wa makompyuta ku ofesi yoyang'anira manda anaweruka usiku ndithu, mutu ukuwawa. Bwana wake, munthu wokonda kulamula ali chiimire, anali atamuuza kuti afufute m'makina chigawo chonse chakale cha manda, poti pamalopo pankafunika mashopu. Koma akangodina, makina ankakana: manda nambala 412 sangachotsedwe, pali mzere m'tebulo lina, kaundula wa m'makinamo, umene ukuwalozabe. Makina amenewa ndi ouma mutu, salola kuchotsa kholo mwana akadali chigwirire, ndipo chifukwa cha manda amodziwo ntchito yonse inkabwerera pomwe inayambira. Pa foni bwana anangoti m'mawa azimitse lamulo la m'makina loletsa kufufutalo, nkhani ithe.

Maminibasi anali atasiya kuyenda. Njira yachidule inkadutsa m'mbali mwa manda omwewo.

Anayenda msangamsanga. Mphepo inaleka. Agalu nawo zii. Kumbuyo kunayamba kumveka ndodo... go, go, go. Akaima, nayonso inkaima. Atafika pageti la mandawo anangoona bambo wachikulire ali kale kutsogolo kwake! Chipewa choyera, ndodo m'manja, chipsera pachibwano.

"Pepani mayi, ndakuimitsani," anatero bamboyo mwaulemu. "Musawakakamize makina aja. Ndinalonjeza mayi a kunyumba kuti ndiwasungira malo pambali panga. Ine sindiswa lonjezo."

Mayiyo anabwerera m'mbuyo. Anaphethira... palibe munthu! Nsapato m'manja, analiyatsa liwiro la mtondo wadooka mpaka pakhomo pake.

Kutacha sanazimitse lamulo lija. Anatsata uthenga wa makinawo mpaka m'tebulo la malo osungitsa, ndipo anapezamo mzere umodzi wokha: malo oyandikana ndi manda 412 anali a gogo wina wamasiye, amene anali adakali moyo. Bwana anakalipa mpaka thukuta, koma mayiyo anasindikiza uthengawo n'kukauika pamaso pa akuluakulu ku msonkhano. Malamulo a ofesiyo sankalola kugumula chigawo chimene muli malo a munthu wamoyo. Za mashopu zinathera pomwepo. Bwana anatuluka atagwetsa nkhope, ndipo kunena zoona palibe anamumvera chisoni.

Madzulo ake mayiyo anapita yekha kukawauza gogo aja kuti malo awo sadzakhudzidwa, mtima uli mbee. Gogowo analira ndi chimwemwe, anamulowetsa m'nyumba n'kumupatsa mpando. Atakweza maso pakhoma, anaona chithunzi chakale. Pachithunzi panali chipewa choyera, ndodo, ndi chipsera pachibwano.

"Amenewo ndi bambo a nyumba ino," anatero gogowo akupukuta misozi. "Anatisiya ana adakali kusukulu, pano anawo ali ndi zidzukulu. Koma mwanawe, munthu ameneyo sankadziwa kuswa lonjezo."