Segunda Silinali Lolemba

Anakumana Lolemba pa siteji ya maminibasi a ku Bangwe. Bernadeta anali atatopa, belo la kaunjika lili pamutu. Godfrey, dalaivala wa thiraki ya ku Beira, anamutula.

"Mayi, khosi lokongolali si la belo."

Sabata isanathe, mameseji anayamba. "Wadzuka bwanji, minha segunda? Chaka chino ndikutengera ku Beira, tikamange banja."

"Segunda ndiye kuti chiyani?"

"Dzina lachikondi basi. Usavutike, Chipwitikizi sungachithe."

Sangachithe? Mayi wolera yekha ana awiri? Nthawi yopita kusukulu analibe, ndiye anangoisandutsa nyumba yake Mozambiki. Pandowa anamata pepala: balde. Pachitseko: porta. Wailesi inkalankhula Chipwitikizi kuyambira m'mawa, foni nayonso anaisintha. Ana akapempha madzi m'Chichewa, ankangowayang'ana mpaka anene kuti água.

Atafika pa mayina a masiku, anapeza kuti Lolemba ndi segunda-feira. Mtima unadumpha. Kani bamboyu ankasunga tsiku limene anakumana! Sanamuuze kanthu. Ankafuna adzamudabwitse pachinkhoswe.

Loweruka lina Godfrey anabwera, n'kukhala pampando.

"Mapepalawa bwanji?"

"Za ana izo."

Foni yake inalira. Anayankha m'Chipwitikizi, mtima uli m'malo, dzanja lina likusisita phewa la Bernadeta.

Bernadeta anamva zonse. Godfrey ankauza mkazi wina kuti ali paboda, thiraki yawonongeka, ana awapatsire moni. "Iwe ndiwe primeira," anatero. "Enawa ndi apanjira."

Primeira, woyamba. Segunda, wachiwiri. Silinali Lolemba ayi.

 Bernadeta anachotsa dzanjalo paphewa, n'kuyandikira foni. Analankhula pang'onopang'ono, m'Chipwitikizi chake cha pawailesi, kuti mkazi wa pafoniyo amve bwino.

"Mayi, amuna anu sali paboda. Ali ku Bangwe, pampando wanga."

Godfrey anadula foni. "Berna, switi wanga, waphunzira liti? Tandimvera kaye."

"Paja inu ndi odziwa Chipwitikizi. Tawerengani apo."

Analoza pepala la pachitseko.

Kulira analira, inde, uku akuchapa mayunifolomu a ana, poti zochapa sizidikira munthu. Koma mapepala sanamatule, wailesi sanasinthe.

Lero amayi a ku Mozambiki akabwera kudzaoda zovala ku Limbe, amadutsa mabenchi onse kufunafuna mayi uja amamva chinenero chawo. Kumupeza sikuvuta. Pabenchi pake anamatapo pepala la mawu amodzi: Primeira.