Chingwe Chofiira ndi Chachikasu

Iness anagona chagada pakabedi kachitsulo, maso ali kudenga. Panja, pabenchi ya chipatala cha mishoni, bambo ake, a Lazaro, ankadikira atakumbatira chipewa. M'chaka chimenecho cha 1986, Iness yekha ndiye anasankhidwa m'mudzi mwawo kupita kusekondale yogonera komweko, ndipo chinatsala n'kuyezetsa thupi basi, monga sukuluyo inkafunira. Koma adokotala ataika chomvera pachifuwa chake, anakwinya nkhope. "Mtimawu ukumveka patali," anatero, n'kumutumiza kuchipinda cha makina oyezera mtima.

Iness ankadziwa chifukwa chake. Ali Sitandade 5 ku Domasi, aphunzitsi anathamangitsa kalasi yonse kuzungulira bwalo, kenako anati aliyense agwire kumanzere kwa chifuwa amve mtima wake. Onse anakuwa mokondwa. Iye sanamve kanthu. "Wa Iness afiti anadya kale!" anaseka mnyamata wina. Madzulo ake, ali yekha kumtsinje, anaupeza ukugunda kumanja. Sanauze munthu aliyense. Ankaganiza kuti achipatala akadziwa, adzati ndi wodwala ndipo malo ake a kusukulu adzapatsidwa wina.

Woyendetsa makinawo anali mayi Makaiko, wamtali, woyankhula mofatsa, amene zala zake zinkayenda ngati za telala. Anamupaka mafuta ozizira m'mikono ndi m'miyendo, n'kumangapo tizitsulo tolumikiza ku zingwe.

"Amayi, sandigwira magetsi?" anafunsa Iness.

"Magetsi ali mwa iwe, mwananga, makinawa ntchito yake n'kumvetsera basi," anaseka mayi Makaiko. "Mtima ukamagunda umatulutsa timagetsi tochepa, ndiye singano iyi imatijambula papepala ngati timapiri. Chingwe chofiira chimapita kudzanja lamanja, chachikasu kulamanzere. Zimenezi ndinganene ngakhale ndili m'tulo."

Anamata timipira tisanu n'kamodzi pachifuwa, kulowera kumanzere, n'kumufunditsa nsalu kuti asachite manyazi. Makina analira pang'ono, pepala lopyapyala n'kuyamba kutuluka. Mayi Makaiko analiyang'anitsitsa.

"Ii, timapiri ta m'manja tazondoka. Zikatere, woyamba kumukayikira ndi ine mwini. Kawirikawiri amakhala kuti woyezayo wasemphanitsa zingwe." Anavundukula nsalu n'kuona mikono yonse iwiri. "Ayi, zili m'malo mwake. Tibwereze, mwina mafuta anachepa. Usasunthe, ndikatenge botolo lina. Pepalali limachokera kutali, ndipo latsala pang'ono."

Chitseko chitatsekeka, maganizo anamubwerera Iness. Ngati kusemphanitsa zingwe kumazondotsa timapiri, ndiye kuti iye akazisemphanitsa, tozondokato tiimirira! Anamvetsera kaye ngati kukubwera munthu. Kenako anazula chofiira n'kuchilowetsa kumanzere, chachikasu kumanja, n'kubisa mikono pansi pa nsalu.

Mayi Makaiko atabwera, anawonjezera mafuta pachifuwa ndi m'miyendo. Atafuna kugwira mikono, Iness anafulumira kunena kuti, "Kuno alipo ambiri, amayi." Makina analiranso.

"Taona, taimirira," anatero mayiyo. Iness anapumira m'mwamba. Koma mayi Makaiko sanadule pepalalo. Analiyendetsa m'zala mpaka kumapeto, akuyankhula ngati ali okha. "Timapiri ta pachifuwa timayenera kukula tikamalowera kumanzere, chifukwa tikuyandikira mtima. Apa tikungochepera, ngati mawu a munthu amene ukumusiya m'mbuyo. Manja akunena zina, chifuwa chikunena zina. Wina akunama."

Anavundukula nsalu pang'onopang'ono. Chofiira chinali kumanzere.

Mayi Makaiko sanakalipe. Anakoka kampando n'kukhala pafupi.

"Wasuntha ndiwe?"

Misozi inatsikira m'makutu mwa Iness. "Chonde amayi, musawauze ababa. Akadziwa a kusukulu andibweza."

"Akadziwa chiyani? Tandionetsa. Umaumva pati?"

Iness ananyamula dzanja n'kuliika kumanja kwa chifuwa. Kanali koyamba kuchita zimenezi pamaso pa munthu.

Nkhope ya mayi Makaiko inawala ngati alandira mlendo amene ankamuyembekezera kalekale. "Zinali m'mabuku athu kusukulu, koma ndi maso sindinazionepo! Alipo anthu ena, osowa ndithu, amene amabadwa mtima uli kumanja. Ena amakhala ndi vuto, ambiri amakalamba osadziwa n'komwe. Tiye tiufunse wakowu uli m'gulu liti."

Iness anafuna kubwezera zingwe zija, koma mayiyo anamugwira dzanja. "Zisiye choncho. Munthu ngati iwe timamuyeza motero, zingwe zosemphana, timipira kumanja. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndilemba papepala kuti ndatero, kuti wowerenga asanamizike."

Anasamutsa timipira tonse, akuwerenga nthiti ndi chala. Singano inavina, ndipo timapiri tinatuluka tokula bwino, totalikirana mofanana ngati mizere ya m'munda wolimidwa mwaluso. Pepala linathera pomwepo.

"Ukugunda mwadongosolo," anatero mayi Makaiko. "Womaliza kunena ndi adokotala, ndipo adzafuna kukujambulanso chifuwa. Koma tamvera, Iness. Ichi si chobisa. Nthawi zina ziwalo za m'mimba nazo zimasemphana. Tsiku lina ungadzafike kuchipatala uli chikomokere, anthu n'kumafuna matenda mbali yolakwika. A kwanu ayenera kudziwa, a kusukulu ayenera kudziwa."

Adokotala anamvetsera kumanja, anagwedeza mutu momwetulira, ndipo ataona chithunzi cha chifuwa analemba kuti mtsikanayo akhoza kupita kusukulu.

Iness anatuluka akumva thupi lonse kupepuka. Koma pakhonde anapeza mayi Makaiko atawerama pamaso pa nkhalamba ina yovala kachisoti koyera, yotupa mapazi, imene inkapuma movutikira.

"Pepani a Rashidi, pepala latithera. Lina libwera ndi galimoto Lachinayi. Adokotala akuonani lero, koma kumakinawa mubwerenso."

"Kuchokera ku Naisi wapansi, mayi?" inadandaula nkhalambayo. "Miyendo yomweyi?"

Mayi Makaiko sanatchule za Iness, sanamuyang'ane n'komwe. Koma Iness ankadziwa kumene pepala la a Rashidi linapita. Anayenda mpaka pabenchi n'kugwada pakati pa bambo ake ndi nkhalambayo.

"Ababa, mtima wanga uli kumanja. Ndinabadwa choncho, ndipo adokotala ati uli bwino. Ndimaopa kunena, ndiye ndinasokoneza zingwe. Pepala la agogowa ndawononga ndine."

Anthu a pabenchi anatembenuka.

"Kumanja? Nanga ukugunda?" anafunsa a Lazaro.

"Ukugunda, ababa."

"Zaka zonsezi uli chete, mwana iwe?" Anapukusa mutu, n'kutembenukira kwa a Rashidi. "Bambo, njinga yanga ili pansi pa mtengo apo. Adokotala akakuonani ndikakutulani, ndipo Lachinayi ndidzakutengani pakhomo."

"Nanga mwanayu akwera chiyani?" anafunsa a Rashidi.

"Mwamva nokha kuti mtima wake uli bwino," anayankha a Lazaro. "Ayenda."

Dzuwa litapendeka, njinga inalowa mumsewu wa ku Zomba, nkhalamba itakhala pakaliyala. Iness anatenga njira ya kumudzi wapansi, yekhayekha, ndipo ulendo wonsewo sanadandaule.