Kanema wa ku Chigafa cha a Moffat

Ine ndine Chancy, wojambula makanema wa kwa Wimbe. Ukwati, chinkhoswe, mpira wa osavala nsapato, zonse ndimaponya laivi pa foni kuti abale athu a ku Joni aziona pompopompo. Anthu amati ndimakometsa nkhani, ndipo sindikana: mbuzi ndikaifotokoza ine imatuluka ili ng'ombe. Koma iyi yokha sindithirako mchere.

Anali Malichi, fodya ali pachimake chothyola. Chakumadzulo, ndikupukuta galasi la foni, inalowa nambala ya kunja.

"Ndine Tithokoze, mwana wa a Moffat, atenanti a pa esiteti ya kuseri kwa dambo. Amwalira dzulo. Akuika mawa. Ine mapepala anga sali bwino, ndikatuluka kuno sindidzalowanso. Achimwene, ndikungofuna ndione nkhope yawo asanatseke bokosi."

Ndinayankha ndi mawu anga a pa wailesi aja: "Mwafika, chemwali! Chancy amaonetsa ndi nsabwe yomwe ili m'mutu mwa mkwati." Sanaseke. Ndinachita manyazi.

Ndinafika pa siwa kutada. A Moffat anachokera ku Phalombe, ndiye abale anali ochepa, ambiri anali atenanti anzawo. Azimayi ankaimba m'nyumba momwe munali thupi, azibambo ali pa moto panja. Ndinazungulira nyumba yonse foni ili m'mwamba ngati ndikudalitsa mudzi. Netiweki zii. Pakhomo zii. Pa chulu zii.

Mlonda wa pa esiteti, a Gomezgani, anandikoka malaya. "Adada, mukuvinachi? Netiweki ya kuno yikukhala ku chigafa."

Chigafacho, shedi yaudzu yoyanikamo fodya, chinali patali ndithu ndi nyumba, mwina mayendedwe a mphindi zitatu. Kumeneko timizere tiwiri ta netiweki tinatulukadi. Koma vuto linalipobe. Bokosi silinganyamulidwe kupita ku chigafa chifukwa cha foni. Nkhope ija ndikanamuonetsa bwanji? Ndinati ndiyese kaye, mwina nzeru ibwera.

Ndinaimika foni pa miyendo yake itatu, n'kukoleka tochi pa nsanamira. Kanemayo ndinamuchepetsa mpaka pansi penipeni, chifukwa netiweki yoonda siinyamula chithunzi chonenepa. Mudziwe ichi: foni ikamaponya laivi ndi yaulesi kuposa mlamu wanga. Siitumiza chithunzi chonse nthawi iliyonse. Chimene chaima imachisiya momwemo, imangotumiza chimene chasuntha. Ndiye pa netiweki yofooka, malo amene pali kanthu koyenda amabwatabwata timabokosi, kwina konse kuli phee.

Ndinamulowetsa Tithokoze mu laivimo kuti mawu ake azimveka.

"Mukundiona, chemwali?"

"Ndikuona mdima ndi fodya. Kodi kumeneko ndi ku chigafa?" Kenako anati, "Zaka zisanu ndi chimodzi, achimwene. Ababa anandiletsa kubwera kuno, ine ndinawayankha zachipongwe, ndinati sindikufuna kufera m'fodya wa eni ake ngati iwo. Chichokereni sanagwirepo foni yanga. Ndikaimba ankati auzeni ndili pa ntchito."

Ndinachoka kutsogolo kwa foni kuti ndikonze tochi.

"Amene akhala kumbuyoko ndani?" anafunsa Tithokoze.

Ndinacheuka. Mizere ya fodya ili lende. Kampando kathabwa pakona. Mulu wa masamba amene sanasokedwe. Munthu ayi.

"Kulibe munthu, chemwali. Ndi netiweki imeneyo."

"Alipo. Akhala pa kampando, andifulatira."

Ndinayang'ana pa galasi la foni. Chithunzi chonse chinali chitaima ngati chojambula pa khoma. Koma pakona ija, pamwamba pa kampando, timabokosi tinkabwata. Tikwere, titsike. Tikwere, titsike. Ngati mkono wa munthu amene akukoka chingwe.

Ndinati mwina ndi mphepo. Kunalibe mphepo. Ndinati mwina ndi gulugufe wa usiku pa tochi. Ndinapukuta galasi ndi malaya. Timabokosi sitinasiye.

Kenako ndinamva ndi makutu angawa. Tswee. Kachetechete. Tswee. Aliyense wokulira ku Kasungu amaidziwa singano ikamaboola mitsitsi ya masamba a fodya.

Miyendo yanga inati tiyeni, ndipo ndinagwira foni kuti ndithawe nayo.

"Musaigwedeze," anatero Tithokoze motsitsa mawu. "Chonde, achimwene. Mukaigwedeza chithunzi chiphwanyika."

Ndinaisiya. Ndinaima pambali, manja m'khwapa.

"Ababa," anaitana. "Ndine Thoko."

Singano ija inasiya.

"Ababa, ndinalakwa. Mawu aja sanali oti n'kukuuzani inu. Fodya ameneyo ndi amene anandiphunzitsa sukulu. Muli ndi mdzukulu kuno, ndinamutcha dzina lanu. Ali ndi makutu anu omwewo, anzake amamuseka." Anaseka pang'ono, kuseka kothera m'misozi. "Tacheukani, ababa. Kamodzi kokha."

Pa galasi timabokosi tinaima. Kenako tinasuntha tonse pamodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu akutembenuza phewa. Ine ndinatseka maso. Ndisaname, ndinatseka. Ndinangomva Tithokoze akupuma mwamphamvu, kenako anati, "Zikomo, ababa."

Nditatsegula maso, timizere ta netiweki tinali titapita, laivi itaduka. Kunyumba kuja azimayi anayamba nyimbo ina.

Ndinafika pa moto ndilibe nsapato imodzi. Ndinafuna kuwaonetsa azibambo kanemayo, koma poopa kudzaza foni ndinali nditatseka posunga. Zaka zonsezi sindinaiwalepo kusunga kanema. Usiku umenewo ndinatseka ndi chala changa.

Kutacha uthenga unalowa ndili pa njira ya ku chigafa kukatenga nsapato. Unali wa Tithokoze: "Musavutike ndi za bokosi. Ndawaona. Aonda."

Pa kampando paja panali chingwe cha fodya chosokedwa theka, singano ili chilowere pa tsamba lomaliza. Masamba ake anali asanafote. A Gomezgani anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chimwalirireni a Moffat palibe amene anasoka fodya pa esiteti yonse, poti pali maliro.

Titabwera ku manda ndinawafotokozera mayi Feliya, mkazi wa malemu. Ndinkaopa kuti andikalipira kuti ndayamba nthabwala zanga pa maliro. Anangokonza mpango wawo.

"Mwana uja akaimba, ine ndinkathamangira ku chigafa, poti n'kumene mawu amamveka," anatero. "Bambo akewo ankakana foni, inde. Koma ndikangofika kumeneko, iwo abwera, akhala pa kampando, andifulatira, ati akusoka fodya. Ngakhale mu Okutobala, chigafa chili mbee, ankapeza choti asoke. Ine ndinkakweza mawu a foni dala."

Anayang'ana ku chigafa kuja.

"Ndiye dzulo anamva mwana wawo akulankhula. Mumati akanakhala kuti?"